Chithunzi cha pakhoma chizikhala ndi mwini wake komanso chifukwa chake

Kuyambira mu 2022, pamene chithunzi chopangidwa ndi pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Midjourney chinapata mphoto yoyamba m'gawo la zojambula za pakompyuta pa chionetsero cha Colorado State Fair ku America, mkangano wokhudza zithunzi sunazirale. Poyamba unali mkangano wa akatswiri ojambula, maloya ndi eni makampani, koma tsopano wafika m'nyumba za anthu wamba, chifukwa funso lasanduka lakuti munthu azipachika chiyani pakhoma la pabalaza pake. Ena akuti nthawi yovutika ndi bulashi kapena yofunafuna mmisiri inatha, popeza munthu angathe kupeza pa intaneti zithunzi zosawerengeka, kapena kuuza makina kuti amupangire chatsopano, n'kukachisindikiza tsiku lomwelo. Ena akuti nyumba zayamba kufanana ngati zipinda za mahotela, ndipo mlendo sangadziwenso kuti m'nyumba muno mumakhala anthu otani. Maganizo anga ndi akuti chinthu choyenera kupachikidwa pakhoma ndi chimene mwini nyumba angathe kunena amene anachipanga komanso chifukwa chimene chilili pamenepo. Choyamba kuganiziridwa chikhale ntchito ya manja a anthu a m'nyumbamo, kenako ntchito ya mmisiri amene ali moyo, ndipo chithunzi chosindikizidwa chizibwera pokhapokha ngati munthu wachikondadi pachokha. Kusankha chithunzi chifukwa chakuti utoto wake ukufanana ndi wa makatani, kapena chifukwa chakuti khoma likuoneka lopanda kanthu, ndiko kusankha kofooka kuposa konse.

Chifukwa changa chachikulu chikuchokera pa mmene timakhalira ndi chithunzi cha pakhoma. Chovala chimene sitikuchikonda timachisiya m'sutikesi, ndipo nyimbo yotitopetsa timaizimitsa, koma chithunzi cha pabalaza timachiona m'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse kwa zaka zambiri, kaya tafuna kaya sitinafune. Akatswiri a zamaganizo akhala akudziwa kuyambira pa kafukufuku wa Robert Zajonc wa mu 1968 kuti kawirikawiri munthu amayamba kukonda chinthu chimene wachiona mobwerezabwereza. Wina angamve zimenezi n'kuganiza kuti chithunzi chilichonse chidzakoma m'maso tikangochizolowera, koma sizili choncho nthawi zonse. Mu 2013 gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Aaron Meskin wa ku yunivesite ya Leeds linafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anaonetsa ophunzira zithunzi za ojambula awiri kwa milungu ingapo. Zithunzi za wojambula wina wodziwika ndi zojambula zotsekemera m'maso zogulitsidwa mwaunyinji, ophunzirawo anayamba kuzikonda mocheperachepera pamene ankaziona kawirikawiri, pomwe za wojambula winayo sizinatsike chomwecho. Kafukufuku mmodzi sathetsa nkhani yonse, komabe akugwirizana ndi zimene ambiri timaziona: chithunzi chopangidwa kuti chikope maso mwamsanga pa foni kapena pashelefu ya sitolo chimatha msanga, chifukwa zonse zimene chili nazo chimazipereka pa tsiku loyamba. Chithunzi chimene chili ndi mbiri, monga chojambula cha mwana ali ndi zaka zisanu kapena nsalu imene agogo anasoka, chimalemerera pamene zaka zikupita, popeza chimene chimachisunga si kukongola kokha.

Pali chikhulupiriro china chofala chimene chimafooketsa anthu, chakuti luso lenileni limakhala m'nyumba zoonetseramo zojambula, ndipo zokongoletsera pakhomo ndi zinthu zotsika zosafunika kuziganizira kwambiri. Mbiri ya zojambulajambula ikutsutsa zimenezi. Mu Ogasiti 1888, wojambula wotchuka Vincent van Gogh ali ku Arles ku France anajambula zithunzi zake za mpendadzuwa ndi cholinga chokongoletsera chipinda chimene mnzake Paul Gauguin adzagonemo akafika kudzakhala naye. Lero chimodzi mwa zithunzizo chili ku National Gallery ku London, china ku Munich, koma chiyambi chake chinali cha munthu wofuna kuti mlendo wake apeze khoma losangalatsa. Henri Matisse, wojambula wina wotchuka wa ku France, atachitidwa opaleshoni yaikulu mu 1941 ndipo kuimirira nthawi yaitali kutayamba kumuvuta, anatenga sizasi n'kumadula mapepala opakidwa utoto, omuthandiza n'kumawamata ndi mapini pamakoma a nyumba yake. Mu 1952 anazunguliza makoma a chipinda chake chodyera ku Nice ndi zithunzi za anthu osambira zodulidwa papepala la buluu, ndipo ntchito imeneyo tsopano imasungidwa ku Museum of Modern Art ku New York.

Zitsanzo ziwirizi ndi za anthu amene anali kale akatswiri, motero wina anganene kuti sizikukhudza munthu wamba. Koma taganizirani za Esther Mahlangu wa ku South Africa, wobadwa mu 1935, amene anaphunzira kupenta makoma a nyumba kwa amayi ake ndi agogo ake ali ndi zaka pafupifupi khumi, monga mmene atsikana achindebele ankachitira. Amajambula mizere yowongoka popanda rula, pogwiritsa ntchito nthenga za nkhuku. Mu 1989 anaitanidwa kukaonetsa luso lake ku Paris, ndipo mu 1991 kampani ya BMW inamupatsa galimoto kuti aipente. Taganiziraninso za amayi a ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda m'chigawo cha Alabama ku America, amene kwa mibadwo ingapo ankalumikiza zigamba za zovala zantchito zakutha ndi matumba n'kusoka zofunda zoti ana asagone ndi chisanu. Mu 2002 zofunda zimenezo zinapachikidwa pamakoma a nyumba zazikulu zoonetseramo zojambula ku Houston kenako ku New York, ndipo mu 2006 zinaikidwa pa masitampu a dzikolo. Sindikunena kuti aliyense amene angagwire bulashi kapena singano adzatchuka, ndipo kutchuka si cholinga chokongoletsera nyumba. Chimene ndikunena n'chakuti malire a pakati pa luso lalikulu ndi zokongoletsera pakhomo ndi opyapyala kwambiri, ndipo banja limene limadziuza kuti luso ndi la anthu ena limadzimana chinthu chimene anthu osauka ndi olemera omwe akhala akuchita kuyambira kalekale.

Tsopano ndibwere kwa amene amatsutsa, ndipo ndiyambe ndi nkhani ya ndalama, chifukwa ndi imene ili ndi chilungamo chambiri. Iwo amati ntchito ya manja a mmisiri ndi yodula, ndipo kuuza munthu amene akuvutika kulipira lendi kuti asagule chithunzi chotchipa cha kufakitale ndi kumunyoza. Amakumbutsanso kuti makina osindikizira ndi amene anabweretsa zithunzi m'nyumba za anthu osauka. Pamenepa akunena zoona. Alois Senefelder asanatulukire njira yosindikizira pogwiritsa ntchito mwala mu 1796, komanso Godefroy Engelmann asanalembetse njira yosindikizira mitundu ingapo ya utoto mu 1837, chithunzi chamitundumitundu chinkapezeka kwambiri m'matchalitchi ndi m'nyumba za anthu achuma. Zithunzi za ku Japan zosindikizidwa ndi matabwa osema, zimene Van Gogh mwiniwake ankazisonkhanitsa mazanamazana, zinali katundu wotchipa wogulidwa ndi anthu wamba a m'mizinda. Pachifukwa chimenechi sindikudana ndi kusindikiza. Kusiyana kumene ndikukuona kuli pakati pa kope la chithunzi chimene munthu wina anachijambula ali ndi zoti anene, ndi chithunzi chimene chinakonzedwa kuchokera pachiyambi kuti chisakhumudwitse aliyense komanso chisanene chilichonse, n'cholinga choti chigulidwe ndi anthu ambiri. Munthu amene wasunga kope lotchipa la chithunzi chimene chinamukhudza mtima, ndipo akudziwa amene anachijambula, wakwaniritsa kale zimene ndikupempha.

Kuwonjezera apo, mfundo ya ndalamayi ikaunikidwa bwino imaikira kumbuyo kupanga wekha kusiyana ndi kugula. Pepala lolimba, makala, pensulo, guluu, zidutswa za nsalu zotsala kwa telala, ulusi, thabwa lotsala pa ntchito ina ndi timabotolo titatu ta penti ya acrylic ndi zinthu zotchipa poyerekeza ndi chithunzi chachikulu cha m'sitolo chokhala kale m'felemu. Nawonso amisiri sagulitsa zinthu zodula zokhazokha. Pafupifupi wojambula aliyense amakhala ndi tizithunzi tating'ono ta papepala, zoyeserera zimene anajambula pokonzekera ntchito yaikulu, kapena makope ochepa amene anasindikiza yekha ndi manja, ndipo ophunzira a zaluso amagulitsa ntchito zawo pamtengo wotsika. Kachithunzi kakang'ono ka munthu amene munalankhula naye n'kumufunsa chifukwa chimene anakajambulira kamaposa chinsalu chachikulu chimene chili m'nyumba zina zikwizikwi, ndipo ndalama yanu imathandiza kuti mmisiriyo ajambulenso mawa.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yopweteka pang'ono, koma iyenera kumvedwa. Iwo amati anthu ambiri alibe luso, ndipo choipa kwambiri n'chakuti sadziwa kuti alibe. Umboni ali nawo. Mu 2012, Michael Norton, Daniel Mochon ndi Dan Ariely anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti anthu amene alumikiza okha bokosi la IKEA (kampani yogulitsa katundu wa m'nyumba amene wogula amalumikiza yekha), kapena amene apinda pepala n'kupanga kanyama, amaona kuti chimene apangacho n'chamtengo wapamwamba kuposa mmene anthu ena amachionera, ndipo amayembekezera kuti enawo achikondanso chimodzimodzi. Otsutsa amati zimenezi zikutanthauza kuti munthu amapachika chinthu chosaoneka bwino n'kumanyadira, alendo n'kumangomuyamikira chifukwa cha ulemu. Yankho langa lili pawiri. Mbali yoyamba ndi yakuti kafukufukuyu akanakhala chenjezo lalikulu kwa munthu wofuna kugulitsa zimene wapanga, koma pabalaza si pamsika. Amene adzakhale ndi chithunzicho tsiku ndi tsiku ndi yemwe uja amene amachiwerengera kwambiri, choncho chikondi chowonjezeracho ndi phindu lake, osati cholakwa. Mlendo amakhala maola awiri n'kupita, ndipo n'zodabwitsa kuti anthu ambiri amakongoletsa nyumba poopa maso a munthu wa maola awiriyo, n'kuiwala maso a ana amene akukulira momwemo. Mwana amene waona chojambula chake chitaikidwa m'felemu n'kupachikidwa pamalo aulemu amaphunzira kuti zimene manja ake amapanga zili ndi ntchito, ndipo phunziro limenelo siligulidwa m'sitolo.

Mbali yachiwiri ndi yakuti kudzinyenga kuli ndi mankhwala ake, ndipo luso limene likufunika si lojambula nkhope ya munthu mpaka kufanana naye. Anthu ambiri amalephera chifukwa amayamba ndi ntchito yovuta kuposa zonse, monga nkhope, manja kapena nyama yothamanga, pamene pali njira zambiri zimene zimangofuna diso ndi kudekha. Munthu angathe kudula mapepala amitundu iwiri kapena itatu n'kuwasuntha pamwamba pa pepala loyera mpaka atakhala bwino, asanamate chilichonse. Angathe kukunga nsalu yokongola pa felemu ya matabwa, kuyambira pakati pa mbali iliyonse kupita kumakona kuti isachite makwinya. Angathe kupanikiza masamba ndi maluwa pakati pa mapepala kwa milungu iwiri kapena itatu mpaka ataumiratu, kapena kusankha chithunzi chimodzi chabwino mwa mazana amene ali m'foni n'kuchisindikiza chachikulu. Malamulo othandiza ndi ochepa. Utoto ukhale wamitundu yochepa, chifukwa wongoyamba kumene akasakaniza mitundu yambiri zimatuluka ngati matope. Malo ena asiyidwe opanda kanthu. Munthu apange zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi n'kusankhapo chimodzi, m'malo moika mtima wonse pa choyamba. Ndipo asanakhomere msomali, ayedzamitse ntchitoyo kukhoma kwa mlungu wathunthu, aziiona m'mawa, masana ndi usiku magetsi atayaka, chifukwa akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene chikukomabe pakutha pa mlunguwo n'choyenera msomali, ndipo chimene chayamba kuvutitsa maso chibwerere patebulo.

Akatswiri okonza maonekedwe a m'nyumba ali ndi dandaulo lawo. Iwo amati chipinda ndi chinthu chimodzi, ndipo chithunzi chimene sichikugwirizana ndi mipando, kapeti ndi makatani chimasokoneza mtendere wa chipindacho, kaya chikhale ndi mbiri yokoma bwanji. Ndikuvomereza kuti kugwirizana n'kofunika, koma ndikukana dongosolo limene amalitsata. Sofa amatha, makatani amasuluka n'kusinthidwa, khoma limapentedwanso, ndipo banja limasamuka, pamene chithunzi chokondedwa chimayenda ndi eni ake kuchoka nyumba ina kupita ina, mwinanso kufika kwa zidzukulu. N'kulakwitsa kusankha chinthu chokhalitsa potengera chinthu chosakhalitsa. Chanzeru ndi kuyamba ndi chithunzi, kenako n'kutengako mtundu umodzi wa utoto wake n'kuubwereza pa pilo kapena pa nsalu ya patebulo, zomwe n'zosavuta kusintha. Tisaiwalenso kuti zimene zimatchedwa kugwirizana nthawi zambiri zimakhala fashoni chabe. Kampani ya Pantone, yodziwika pa nkhani ya mitundu ya utoto, yakhala ikulengeza mtundu wa utoto wa chaka kuyambira mu 2000, ndipo opanga katundu amatsatira, moti chithunzi chogulidwa chifukwa cha mtundu wa chaka chino chidzaoneka chachikale pakangopita zaka zochepa.

Komanso zambiri zimene anthu amaziona ngati kusagwirizana zimachokera pa kapachikidwe, osati pa chithunzicho. Cholakwika chofala kwambiri ndi kupachika pamwamba kwambiri, pafupi ndi denga, mpaka munthu kumachita kukweza khosi. Nyumba zoonetseramo zojambula zimakonda kuika pakati pa chithunzi pa msinkhu wa masentimita pafupifupi 145 mpaka 150 kuchokera pansi, umene ndi msinkhu wa maso a munthu wamkulu ataimirira, ndipo m'chipinda chimene anthu amakhala pansi nthawi zambiri chithunzi chingatsikeko pang'ono. Chikakhala pamwamba pa sofa kapena tebulo, mpata wa masentimita 15 mpaka 25 umakwanira kuti ziwirizo zioneke kuti zili pamodzi. Cholakwika china ndi kuika kachithunzi kakang'ono kokhakokha pakati pa khoma lalikulu. Tizithunzi totere timaoneka bwino tikasonkhanitsidwa pamalo amodzi motalikirana mofanana, ndipo ndi bwino kuyamba mwatiyala pansi kapena kumata mapepala a kukula komweko pakhoma kuti muone mmene tidzakhalire. Felemu yosavuta yokhala ndi mpata woyera kuzungulira chithunzi imachititsa ngakhale chojambula cha mwana kuoneka cholemekezeka. Okhala m'nyumba za lendi, amene saloledwa kuboola makoma, angathe kuyedzamitsa zithunzi pa shelefu kapena kugwiritsa ntchito zomatira zochotseka pa zinthu zopepuka, choncho lendi si chifukwa chosiyira nkhaniyi.

Mfundo yamphamvu kuposa zonse ndi ya anthu okonda zithunzi zopangidwa ndi makina a AI, mapulogalamu a kompyuta onga Midjourney uja amene amapanga chithunzi potsatira mawu amene munthu walemba. Iwo amati ngati chimene ndikufuna ndi chithunzi chokhudza moyo wa mwini nyumba, makinawa ndi amene akupereka mwayi umenewo kwa aliyense, chifukwa munthu amafotokoza yekha zimene akufuna, kaya ndi phiri limene amalikumbukira kaya ndi maluwa amene amayi ake ankakonda, ndipo chithunzi chimene chimatuluka sichipezeka kwina kulikonse. Amakumbutsanso kuti kamera itayamba kufala pambuyo pa 1839, anthu ena ophunzira anakana kuti zithunzi zake ndi luso, koma lero palibe amene amakayika. Mfundo imeneyi sindingaikankhire pambali, ndipo ndikuvomereza kuti kwa munthu amene manja ake sangathe kugwira bulashi kapena sizasi chifukwa cha matenda kapena ulumali, makinawa angatsegule njira imene inali yotsekeka. Komabe pali kusiyana kumene fanizo la kamera limabisa. Wojambula ndi kamera anaimadi pamalopo, anaona kuwala kwa tsikulo ndipo anasankha nthawi yodina. Makina a AI sanaone phiri lanu. Amatulutsa phiri lofanana ndi mapiri ambirimbiri amene ali m'zithunzi zimene anaphunzitsidwa nazo, ndipo zisankho zambiri zazing'onozing'ono zimene zimapanga chithunzi, monga pamene mzere wakhota ndi pamene mthunzi wathera, sizichokera kwa munthu amene analemba mawuwo. Ofesi yoona za umwini wa zolemba ndi zojambula ku America inaganiza mofananamo pamene mu 2023 inakana kulembetsa chithunzi chija chinapambana ku Colorado, ponena kuti mbali yaikulu ya chithunzicho sinapangidwe ndi munthu.

Palinso nkhani ya chilungamo imene wogula sayenera kuinyalanyaza. Makinawa anaphunzitsidwa ndi zithunzi mamiliyoni ambiri zotengedwa pa intaneti, ndipo ojambula ambiri akudandaula kuti ntchito zawo zinagwiritsidwa ntchito iwo osafunsidwa komanso osalipidwa. Mu Januwale 2023 ojambula ena anakasumira makampani opanga makinawa kukhoti ku California pa nkhani imeneyi, ndipo kampani yogulitsa zithunzi ya Getty Images nayo inatsegula milandu yake. Makhoti ali ndi ntchito yawo yotanthauzira malamulo, koma munthu wosankha chopachika m'nyumba mwake safunika kudikira chigamulo kuti aone kuti chithunzi chilichonse chotengedwa kwa makina ndi ntchito imene mmisiri wina wamoyo akanaigwira. Pomwepo pabwera vuto lina limene limakhudza khomalo mwachindunji. Chinthu chimene chapangidwa m'masekondi ochepa, ndipo chingasinthidwe ndi china chokongola kuposa icho mawa m'mawa, n'chovuta kuchikonda kwa zaka khumi. Ofufuza aja a mu 2012 anapezanso kuti chikondi cha munthu pa chinthu chimene wapanga chimabwera pamene waigwira ntchitoyo mpaka kuimaliza. Thukuta ndi nthawi zimene munthu waika pa chinthu ndi mbali ya zimene amaziona akachiyang'ana pakhoma.

Ena amati njira yabwino ndi kusapachika chilichonse, chifukwa khoma loyera limapumitsa maso ndi maganizo. Amenewa sindilimbana nawo kwenikweni. Khoma lopanda kanthu limaposa khoma lodzazidwa mothamanga, ndipo banja limene langolowa m'nyumba yatsopano lingachite bwino kukhala miyezi ingapo lisanapachike kanthu, likuona kumene dzuwa limalowera ndi pamene anthu amakonda kukhala. Chimene ndimakana n'chakuti kusapachika kukhale lamulo lina la fashoni, mpaka munthu kubisa m'katoni chithunzi cha ukwati wa makolo ake poopa kuti chiwononga maonekedwe a chipinda.

Dandaulo lotsala ndi lakuti zopanga pamanja sizikhalitsa: pepala limachita chikasu, nsalu imasuluka, masamba ouma amafumbutuka, pomwe chithunzi cha kufakitale chimangopukutidwa n'kukhalanso chatsopano. Zoona zake n'zakuti kuwala kumawononga zonse, ndipo zithunzi zotchipa zosindikizidwa nazo zimasuluka, kawirikawiri n'kutsala zabuluubuluu chifukwa inki zina zimatha msanga kuposa zinzake. Chimene chimasiyanitsa ndi kasamalidwe. Nyumba zosungiramo zojambula zimaonetsa zithunzi za papepala ndi nsalu pa kuwala kochepa kwambiri, pafupifupi 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala), chifukwa zimene kuwala kwawononga sizibwereranso. Pakhomo sitingayeze kuwala chomwecho, koma tingapewe khoma limene dzuwa limawombapo mwachindunji, n'kusungira malo owala kwambiri zinthu zolimba monga zosema, zoumba ndi zopenta ndi acrylic. Chinyezi chimabweretsa chuku, choncho pepala ndi nsalu zisapachikidwe m'bafa, pafupi ndi pophikira kapena pakhoma limene limanyowa nthawi ya mvula, ndipo kampata kakang'ono kuseri kwa felemu kamathandiza kuti mpweya uzidutsa. Galasi lisakhudze chithunzi, chifukwa chinyezi chikalowa ziwirizo zimamatirirana. Katoni wamba ndi selotepi zili ndi asidi ndi guluu zimene zimasiya madontho achikasu pakapita zaka, motero kuseri kwa chithunzi chokondedwa kuikidwe pepala lopanda asidi. Ngakhale ntchito ya Matisse ija ya m'chipinda chodyera inavutika ndi zomwezi, popeza chiguduli chimene mapepalawo anamatidwapo chinada ndi ukalamba, ndipo akatswiri a ku New York anagwira ntchito kwa zaka zingapo kuikonza isanaonetsedwenso mu 2014. Njira ina imene nyumba zimenezi zimatsata, yomwe banja lililonse lingatengere, ndi yosinthanitsa: chithunzi cha papepala chimaonetsedwa kwa miyezi yochepa kenako n'kukapuma mumdima. Banja lokhala ndi zojambula zambiri za ana kuposa malo a pakhoma lingasunge zina mufayilo youma n'kumazisintha kawiri kapena katatu pachaka pogwiritsa ntchito felemu yomweyo, ndipo chithunzi chakale cha makolo chimene chilipo chimodzi chokha ndi bwino kuchijambulitsa kope, kope n'kupachikidwa, chenichenicho n'kusungidwa kutali ndi dzuwa.